Mabotolo Awiri Ofanana

1

Ine ndine mayi wa pakamwa, sindikana. Pamzere wa nyumba zathu palibe banja linagwedezekapo ine osadziwa, ndipo ena ndinawagwedeza ndekha. Mkangano ndimaukonda ngati tiyi wa shuga wambiri. Koma uwu ndikuuzeniwu unandiwotcha lilime, mpaka lero silinapole.

Mdzukulu wanga wamkazi anabadwa ndi kabowo mumtima. Adokotala anati opaleshoni ilipo, koma mwana ayambe wafika makilo asanu. Anatuluka m'chipatala ali ndi atatu, kachubu kali m'mphuno, komata ndi pulasitala patsaya. Kuyamwa kunkamutopetsa. Akakoka kawiri katatu, thukuta kamukamu, milomo kuda. Kachifuwa kake kankagunda ngati ka mbalame yogwidwa m'manja, ndiye ine ndinamutcha Kampheta, dzina n'kukhala lomwelo.

Bambo ake, amene ndi mwana wanga wachisamba, amayendetsa magalimoto akuluakulu a katundu. Masiku atatu pakhomo, khumi panjira. Ndiye ndinamanga kachikwama kanga n'kusamukira kwawo kuti ndikathandize mpongozi wanga. Ndinapeza wina wandipitirira kale: asewele anga, mayi ake a mpongoziyo. Anaphunzitsa sukulu zaka makumi atatu, ndipo mpaka lero amalankhula ndi munthu ngati waiwala kope kunyumba. Kumbali ndimawatcha a Choko.

Tsiku loyamba lomwe anandipatsa kalata ya kuchipatala, masamba anayi.

"Tawerengani asewele, kuti tonse tiziyendera chimodzi."

"Magalasi ali pansi pa chikwama," ndinatero. "Komanso ine ndalera ana asanu popanda kalata. Onse ali moyo, wina ndi amene anakwatira mwana wanuyu."

"Ana anuwo analibe bowo mumtima."

"Inu wanu mmodzi yekhayo munamulera ndi buku, koma onani, kukazinga dzira mpaka ayang'ane pa foni."

Mpongozi wanga anatuluka kuchipinda, mwana ali paphewa, maso ofiira ngati wasuta.

"Amayi nonse awiri, chonde. Wangogona kumene."

2

Inu amene simunaonepo mwana wotere akuleredwa pakhomo, musamayankhule. Nyumba ija inasanduka wodi. Pakhomo beseni ndi sopo. Wachifuwa asalowe. Wodzola mafuta onunkhira asalowe. Anzanga a kutchalitchi anabwera asanu ndi mmodzi kudzaona mwana, mpongozi n'kuwaimitsa pawindo ngati akudzagula mankhwala. Ndinachita manyazi, ndipo ndinamuuza.

"Make Kampheta, mwana ndi wa anthu. Mukumubisa ngati katundu wakuba bwanji?"

"Amayi, chimfine chokha chikhoza kumubwezera kuchipatala."

"Ife chimfine tinakula nacho."

Mpongozi analibe nthawi yokangana nane. Maola atatu alionse ankafinya mkaka wake m'kapu, kuukoka mu sirinji, n'kumauthira pang'onopang'ono m'kachubu kaja. Akafulumira, mwana amasanza. Akatha, amunyamule choimirira theka la ola. Ndiye atsuke ziwiya, aziwiritse, akhale pansi, nthawi yofinyanso yakwana. Tsiku lina Kampheta anasanza zonse atangomaliza, mkaka uli chuu pamsana pa amake. Mpongozi anangoima pakati pa chipinda, n'kunena motsitsa mawu, "Ola lathunthu. Ola lathunthu ndafinya umenewu."

Lachisanu lililonse kunkabwera anesi ndi sikelo. Tonse tinkaizungulira ngati pali maliro. Sabata yabwino, magalamu zana. Sabata yoipa, makumi anayi. Mpongozi ankayang'ana sikelo ija ngati ndi woweruza milandu.

Ndiye panali mankhwala. Mabotolo awiri pashelefu ya pamwamba pa bedi, ndi pepala lomata pakhoma lokhala ndi timabokosi. Akapereka, amachonga kabokosi. Ine ndinkayang'anitsitsa, chifukwa maso anga pa zinthu zoterezi ndi akuthwa. Botolo la chitsekero choyera, la kumanzere, ndi la mtima: kukoka mpaka kamzere koyamba kokha, kadontho chabe. La chitsekero chabuluu, la kumanja, ndi lochotsa madzi m'thupi: mpaka kamzere kachinayi. Sabata zisanu ndi imodzi ndinaonerera. Ndikanatha kupereka nditatsinzina.

Tsiku lina ndinati, "Make Kampheta, kagoneni, mankhwala a m'mawa ndizipereka ine."

A Choko anali akupukuta tebulo limene ndinali nditapukuta kale. Sanatembenuke n'komwe.

"Mankhwala asakhudze wina aliyense kupatula mayi wa mwana ndi ine. Zimenezi si zongoyerekeza ngati mchere wa m'ndiwo, asewele. Zimafuna sukulu."

Mawu amenewo anandilowa ngati minga ya m'chidendene. Ndinaseka, n'kuwauza kuti sukulu yawoyo sinawathandize kusunga mwamuna. Koma minga inatsala.

3

Mwezi wachiwiri ukutha, mankhwala anatha, mpongozi n'kukatenga ena. Anabwera akudandaula.

"Amayi, taonani. Asintha mabotolo. Onse awiri tsopano ndi ofanana, zitsekero zoyera zokhazokha. Ndalemba ndi zilembo zikuluzikulu pa lililonse kuti tisasokoneze. Mwaona?"

Anandiyandikizira kumaso.

"Ndaona. Maso ndili nawo."

"Magalasi simunavale."

"Zilembo zake ngati ng'ombe izi, mpaka magalasi?"

Anawaika pashelefu, ine n'kuona bwinobwino limene waika kumanzere ndi limene waika kumanja. Madzulo ake a Choko anafika ndi kansanza kawo, kupukuta nyumba yonse ngati ife timakhala m'khola, n'kumapita kwawo.

Kutacha, Lachitatu, ndinapeza mpongozi atagona pampando, mutu uli pakhoma, kapu ya mkaka ili m'manja, pakamwa pali yasa. Masiku atatu mwana anali akuvuta, mayiyu osaona tulo. Ndinamulanda kapu ija, osamva. Ndinamufunditsa nsalu, osamva. Kampheta anali maso, akusewera ndi kachubu kake. Ndinasesa, ndinawiritsa madzi, ndinachita izi ndi izi za m'nyumba.

Cha m'ma eyiti mpongozi anadzidzimuka ngati wamenyedwa mbama.

"Mankhwala! Mayo, nthawi yapita!"

Anathamangira kukhoma, n'kuima. Kabokosi ka m'mawa umenewo kanali kochonga.

"Ndapereka?" Anandiyang'ana. "Amayi, ndapereka ine? Sindikukumbuka."

"Ngati pachongedwa ndiye kuti mwapereka," ndinatero. "Imwani tiyi."

Teni koloko isanakwane, Kampheta anasanza. Anasanzanso. Kenako anangoti lobodo, manja lende, maso osatsegula bwino. Mpongozi anaika khutu pachifuwa chake n'kukuwa.

"Mtima ukugunda pang'onopang'ono! Amayi, itanani galimoto!"

Kachifuwa kaja ka mbalame kanali kakugunda ngati ka nkhalamba.

4

Kuchipatala anamulanda m'manja mwathu n'kuthamanga naye. Tinakhala pabenchi ya m'khonde, ine, mpongozi, ndi a Choko amene anafika nsapato zosiyana. Masana adokotala anatuluka, mayi wamng'ono thupi, wosaseka.

"Magazi akuonetsa kuti mankhwala a mtima alowa ochuluka kwambiri. Mwina kanayi kuposa mlingo wake. Anapereka ndani m'mawa uno?"

Ine ndinayang'ana nsapato za a Choko.

"Ndine," anatero mpongozi. "Ndikuganiza kuti ndine. Ndinali ndi tulo. Mabotolo asintha, mwina ndinasinthanitsa."

"Simuli woyamba, mayi," anatero adokotala. "Mwatithandiza ponena."

Kampheta anakhala masiku asanu ndi anayi, mawaya ali pachifuwa. Anapulumuka. Koma anatuluka atatsika magalamu mazana atatu, ntchito ya mwezi wathunthu, ndipo tsiku la opaleshoni analikankhira kutsogolo.

Mwana wanga anasiya galimoto panjira n'kubwera. M'khonde momwemo mkangano unabuka, ndipo ine, Mulungu andikhululukire, ndinauthira mafuta.

"Paja munkati zimafuna sukulu," ndinawauza a Choko. "Nayotu sukulu. Mayi wa satifiketi, agogo a satifiketi, mwana ali pa mawaya."

"Asewele, ino si nthawi yake."

"Nthawi yake ndi iti? Pamene munkandiletsa kukhudza botolo inali nthawi yake? Ife osadziwa kanthufe ana athu sitinawamwetsepo poizoni."

Anthu a pamabenchi ena anatembenuka. A Choko, kwa nthawi yoyamba chiwadziwireni, anaweramitsa mutu. Ndikuuzeni zoona: zinandikomera. Kwa kamphindi ndinaiwala zonse, n'kumva kukoma ngati ndapambana mlandu.

Mpongozi sanalire. Anangokhala, akuyang'ana manja ake.

5

Titabwerera kunyumba, manja aja anakana ntchito. Akatenga sirinji ankanjenjemera mpaka mankhwala kutayikira. Ankawerenga botolo katatu, kuliika pansi, kulitenganso, kuwerenganso. Akapereka, pakapita mphindi zisanu amafunsa, "Ndapereka lanji? Amayi, munaona?" Kugona anasiyiratu, kuopa kuti angachitenso chinthu ali m'tulo. Mkaka unayamba kuuma. Tsiku lina ndinamupeza kubafa atakhala pansi, mpopi ukungotayika, akunena yekha, "Mayi wanji ine? Mayi wanji?"

Ndinatseka mpopi n'kumuuza kuti madzi akuwonongeka. Ndi zokhazo ndinanena.

Mankhwala anayamba kupereka a Choko, m'mawa ndi madzulo. Zinayenda sabata imodzi. Kenako a Choko anagwidwa chifuwa, chija chokhosomola ngati galimoto yokana kulira. Lamulo lawo lomwe linawaluma: wachifuwa asalowe. Ankabwerabe, n'kumaima panja pawindo la chipinda, mpango kukamwa, kulamula ali komweko.

Mwana wanga anayenera kubwerera kuntchito Lolemba. Lamlungu masana anatiitana tonse kuchipinda, apongozi akewo ali pawindo.

"Ndaganiza," anatero. "Mayi a mwanawa atopa, ndipo ine mtima sukhala pansi ndikakhala panjira. Apite kwa akulu awo akapume mwezi umodzi. Mkaka wa m'chitini adokotala avomera. Mwana atsala ndi amayi."

"Ndisiye mwana wanga?" anatero mpongozi. Mawu ake anali ang'ono ngati a mwana wa sukulu.

"Munatsala pang'ono kumupha," anatero mwana wanga. Sanakuwe. Bola akanakuwa.

"Bambo a Kampheta, lankhulani bwino!" a Choko anatero pawindo, n'kutsamwa ndi chifuwa.

Mpongozi anagwada n'kukoka sutikesi pansi pa bedi. Sanatsutse n'kamodzi komwe. Anayamba kupinda zovala, ndipo ndinaona kuti wayamba ndi kamalaya ka mwana, kenako n'kukumbuka, n'kukabwezera.

Mwana wanga anamatula pepala lija pakhoma, n'kutenga mabotolo awiri aja, n'kundiika zonse pamiyendo.

"Amayi, kuyambira mawa mankhwala muzipereka ndinu. Adokotala asintha milingo, alemba apa. Valani magalasi muwerenge mokweza, ndimve kuti mwamvetsa."

6

Ndinapita kukatenga magalasi. Ndinachedwa dala. Ndinabwera, kukhala, kuwapukuta ndi nsonga ya nsalu, kuwavala. Ndinayang'ana pepala. Nyerere zokhazokha, mizere mizere, monga zakhala zikuonekera moyo wanga wonse.

Mabodza ndinali nawo okonzeka, atatu kapena anayi. Mutu ukundipweteka. Adokotala amalemba ngati nkhuku. Werenga iwe, ine ndimve. Ndi mabodza amenewa ndadutsa zaka makumi asanu ndi limodzi, ndipo sanandigwetsepo. Ndikanati werenga iwe, akanawerenga, ine n'kusunga m'mutu. Koma mawa m'mawa ndikanatsala ndekha m'chipinda muja ndi mabotolo awiri ofanana.

Kampheta anali pabedi, akundiyang'ana, kachifuwa kakukwera n'kutsika.

Ndinavula magalasi.

"Awa ndi a malemu bambo ako," ndinatero. "Ine maso anga alibe vuto. Sindidziwa kuwerenga."

Mwana wanga anaseka pang'ono. "Amayi, si nthawi ya nthabwala ino."

"Sindinapondeko m'kalasi. Bambo ako ndi amene ankandiwerengera zonse, ndipo anapita nacho kumanda chinsinsi chimenechi. M'makope ako ndinkangoyang'ana zochonga zofiira. Nyimbo za m'buku ndinaziloweza. Dzina langa ndimachita kujambula ngati duwa."

Chifuwa cha a Choko chinaima, ine n'kupitiriza.

"Tsiku lija make Kampheta sanapereke mankhwala. Anali m'tulo, sanadzuke n'komwe. Ndinapereka ndine. Ndinati mwanayu agoneko, komanso ndinati ndiwaonetse awo ali pawindowo kuti sukulu si kanthu. Ndinatenga la kumanzere ngati la mtima, la kumanja ngati la madzi, monga mwa masiku onse. Kenako ndinachonga pakhoma. Kuchonga kokha ndimatha."

"Kumanzere?" anatero a Choko. "Mayo ine. Ndinapukuta shelefu ija madzulo ake. Ndinawatsitsa onse n'kuwabwezera."

"Mwamva!" ndinatero, pakuti chizolowezi sichifa. "Nanga munthu kupukuta m'nyumba ya eni ake ngati..."

"Amayi!" Mwana wanga anamenya chitseko ndi chikhatho. Kampheta analira.

Mpongozi anaimirira pang'onopang'ono, n'kunyamula mwana wake. Manja sanali kunjenjemera. Anamutonthoza kaye, kuona ngati kachubu kali m'malo, kenako n'kundiyang'ana.

"Ndinakufunsani," anatero. "M'mawa umene uja ndinakufunsani. Adokotala anafunsa muli pomwepo. Kubafa kuja munandipeza, munatseka mpopi. Masiku makumi awiri ndi asanu, amayi. Ndakhala ndikuopa manja angawa masiku makumi awiri ndi asanu."

"Ndinachita manyazi, mwanawe."

"Kusawerenga si mlandu. Mukanandiuza, ndikanamanga ulusi wofiira pabotolo, nkhani n'kutha. Koma inu munaona kuti bola ine ndipenge kusiyana n'kuti amayi angawa adziwe kuti simunapite kusukulu."

Mpongozi anakankha sutikesi ndi phazi kuibwezera pansi pa bedi, n'kutembenukira mwamuna wake.

"Ndipo inu, mawu munanena aja ndawasunga. Tidzakambirana mwana akachira. Tulukani nonse, nthawi ya mkaka yakwana."

7

Sanandithamangitse. Ine ndikanakhala iyeyo ndikanadzithamangitsa, koma mwana wodwala amafuna manja ambiri, ngakhale manja a munthu wabodza. Ntchito yanga tsopano ndi kuchapa, kuwiritsa ziwiya, ndi kunyamula Kampheta choimirira theka la ola akatha kudya. Shelefu ya mankhwala anaikhomera kabokosi ka loko, kiyi amavala m'khosi.

Chilango chachikulu si chimenecho. Lachiwiri ndi Lachinayi masana a Choko amabwera ndi kope ndi pensulo, n'kundikhazika patebulo la kukhitchini.

"Chilembo ichi ndi chiyani, asewele?"

"Ndi chija cha mimba kutsogolo."

"Chili ndi dzina. Tanenani."

"Inu mwaphunzitsa zaka makumi atatu, dzina lake simukulidziwa mpaka kufunsa ine?"

Timakangana mpaka mpongozi kugogoda khoma. Ndafika pa zilembo khumi ndi ziwiri. Amati ndine mwana wa sukulu wovuta kuposa onse amene anaphunzitsapo, ndipo ine ndimati zikomo.

Lachisanu lapitali sikelo inati makilo anayi ndi magalamu mazana asanu ndi awiri. Atsala mazana atatu, omwe aja ndinamubera. Ndimawerengera tsiku lililonse. Manambala ndiye ndimawadziwa.

Inu owerenga, makamaka agogo anzanga: sindikuuzani kuti musamakangane ndi asewele anu, chifukwa ine mawa lomwe ndikangana nawo. Koma mukalowa m'nyumba ya mayi amene akulera mwana wa machubu ndi mabotolo, dziwani kuti munthuyo watsala ndi chinthu chimodzi chokha, kukhulupirira manja ake. Tulo alibe, anzake sabwera, mwamuna ali panjira. Chimodzi chokhacho ine ndinamulanda kuti ndibise manyazi anga. Ngati pali chimene simudziwa, nenani pakhomo pomwe musanavule nsapato. Ana asanu amene munalera sakuthandizani kuwerenga botolo.

Mwina mukufunsa kuti nanga munthu wosadziwa kulemba nkhani yonseyi walemba bwanji. Ine ndikungoyankhula. Akulemba ndi mpongozi wanga, mwana ali pamiyendo panga. Ndi iye anati ndiinene, ndipo anati ndikadumpha pena paliponse, cholembera aika pansi. Za kubafa zija ndinafuna kudumpha. Za m'khonde la chipatala, zoti zinandikomera, ndinafuna kudumpha. Anaika cholembera pansi kawiri konse.

Chichitikireni zija sananditchulenso kuti amayi. Amati "agogo ake a mwana". Ndamufunsa tsopano lino ngati tikamaliza pano andikhululukira. Wati nditsirize kaye nkhani, ndipo wati zimenezinso alemba.

Wandipatsa cholembera kuti pamapeto pano ndiikepo chizindikiro changa ndekha. Ndamuuza kuti kuchonga sindidzachonganso. Ndilemba chilembo choyamba cha dzina la mdzukulu wanga, ngakhale chitenge mpaka nthawi ya mkaka.

K